Manzi Yayenda Kuti, Ba Sir?

Linali Lacinayi, mwezi wa Okutobala 2024, ndipo ngakhale kunali m'mawa malata a kalasi anali atayamba kale kutiocha. Ndinali nditangolemba pa bolodi kuti kulemera kwa cinthu timakupeza tikaculukitsa makilogalamu ake ndi 10, pamene mtsikana wina wa Giredi 10 anagogoda pacitseko. Nthawi inali 07:50. Aka kanali kacitatu kucedwa sabata imeneyo. Ndinamuuza kuti aime pakhomo pomwepo mpaka phunziro lithe, ndipo sindinamufunse kanthu. Ife aphunzitsi timadziona ngati tinamva kale zifukwa zonse za ana ocedwa: basi inafera pa njira, amayi adwala, yunifomu sinaume.

Ndinatembenukira kwa otsalawo. "Katundu wa makilogalamu 20, kulemera kwake ndi manyutoni angati?" Ana oposa 60 anangoti zii, ena akudzikupiza ndi makope. Yankho linacokera pakhomo.

"200, ba Sir. Ni cigubu ca manzi."

Kumbuyo kunamveka kuseka. Iye sanaseke. "Cigubu ca 20 litres cikazula ni 20 kg," anapitiriza. "Nimanyamula six nikalibe kubwela kuno."

Nkhani yonse ndinaimva phunziro litatha. Citsime ca pa yadi pawo cinauma mu Ogasiti. Anayamba kugula madzi pa borehole ya munthu wina kutsidya kwa msewu, koma pampu yake imadalira magetsi, ndipo masiku amenewo magetsi ankabwera maola atatu okha pa tsiku, nthawi zambiri anthu ali m'tulo. Usiku umenewo anabwera ca m'ma 03:00. Pofika 03:30 iye anali kale pa mzere. Atamaliza kufotokoza ndinayembekezera kuti apepesa kapena adandaula. M'malo mwake anandifunsa funso.

"Ba Sir, manzi yamene yenze mu citsime yayenda kuti? Yasila, olo yangena cabe pansi? Tikakumba futi tizayapeza?"

Ndili ndi digiri ya pa UNZA, ndipo ndaphunzitsa physics zaka 9. Ndinamuyankha kuti, "Tidzakambirana," mawu amene mphunzitsi amabisalamo akasowa yankho.

Muyenera kudziwa kuti ine ndinakulira ku Chawama, m'nyumba ya zipinda ziwiri, mwana wamwamuna mmodzi pakati pa alongo anayi. Cigubu sindinacisenzepo. M'mamawa alongo anga akamadzuka kupita ku pompi, amayi ankanena kuti, "Uyu musiyeni, awerenge." Madzi amene ndinasamba tsiku lokalemba mayeso a Giredi 12 anabwera pamutu pa alongo anga aakulu, amene sukulu analekezera Giredi 9. Zoti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi ine ndinaziwerenga m'buku. Mtsikana uja anazidziwira m'khosi. Ndipo wa m'buku ndi amene anaimika wa m'khosi pakhomo.

Caka cimeneco nonse mukucikumbukira. Cinayamba ndi kolera, bwalo la Heroes litasanduka cipatala, masukulu n'kutsegulidwa mocedwa pa 12 Febuluwale. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika mpaka magetsi ankazima maola 21 pa tsiku. Tinayamba caka ndi madzi akuda, tinacimaliza tikusowa madzi. M'misewu ya Lusaka magalimoto okumba ma borehole ankangopingasana, aliyense wokhala ndi ndalama akuboola pansi mozama kuposa mnzake.

Funso la mwana uja silinandisiye. Usiku, mumdima, ndi foni imene ndinaichajira kusukulu ndi bundle yausiku, ndinayamba kufufuza ngati pali njira yodziwira kuculuka kwa madzi apansi popanda kukumba. Ndinapeza kuti ilipo, ndipo imayambira pa 10 yemwe uja ndinalemba pa bolodi.

10 ameneyo ndi wa mayeso cabe. Nambala yeniyeni ya mphamvu imene dziko limakokera zinthu, imene m'kalasi timaicha gravity, ili pafupi ndi 9.8, ndipo siifanana pena paliponse. Pa equator ndi 9.78, ku North Pole ndi ku South Pole ndi 9.83. Kusiyana kwakukulu kumabwera cifukwa dziko limazungulira ndipo ndi lotupa pakati. Koma palinso kusiyana kwina, kocepa kwambiri, kumene kumadalira zimene zili pansi pa mapazi ako. Cinthu ciliconse cokhala ndi thupi cimakoka cinzake. Phiri limakoka. Miyala yolemera imakoka kuposa mcenga, phanga lopanda kanthu limakoka mocepa. Madzi nawo amakoka. Cigubu cimodzi cimakukoka pang'ono kwambiri moti thupi lako silingamve, koma madzi a cigwa conse ca mtsinje, matani mabiliyoni, akabwera kapena akacoka, dziko pamalopo limalemera kapena kupepuka, ndipo kukoka kwake kumasintha.

Pa 17 Marichi 2002, bungwe la NASA la ku America pamodzi ndi anzawo a ku Germany anatumiza mumlengalenga masatelaiti awiri ochedwa GRACE, kucokera ku Plesetsk m'dziko la Russia. Ankazungulira dziko ali makilomita pafupifupi 500 kumwamba, ina patsogolo ina pambuyo, pakati pawo pali makilomita 220, kupitirira pang'ono ulendo wocoka ku Lusaka kukafika ku Kapiri Mposhi. Asayansi ankawacha Tom ndi Jerry poti ankangothamangitsana osagwirana. Nchito yawo yaikulu sinali kujambula zithunzi. Inali kuyeza mtunda wa pakati pawo.

Ganizirani anyamata awiri a njinga ku Chipata, atasiyana mamita 50 pa msewu. Wakutsogolo akafika potsetsereka njinga yake imathamanga, mpata umakula. Wakumbuyo akafika pomwepo nayenso amathamanga, mpata n'kubwerera. Munthu woyeza mpatawo, ngakhale asakuona msewu, angathe kukuuzani pamene pali matsitso ndi pamene pali citunda. Ndi mmene GRACE inkagwirira nchito. Satelaiti yakutsogolo ikayandikira malo olemera inkakokedwa n'kufulumira pang'ono, ndipo makina ankamva kusinthako ngakhale kukhale kocepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pozungulira dziko maulendo 15 pa tsiku, mwezi ukamatha pankatuluka mapu osonyeza pamene dziko lalemera ndi pamene lapepuka.

Mapuwo anaulula zinthu zimene maso sakanaona. Mu 2009 asayansi anasonyeza kuti madera atatu a kumpoto cakumadzulo kwa India, Rajasthan, Punjab ndi Haryana, anataya madzi apansi okwana makyubiki kilomita 109 pakati pa 2002 ndi 2008, pamene mvula inkagwa monga mwa masiku onse. Anawamaliza ndi mapampu othirira minda. Kariba ikadzaza imasunga pafupifupi 180, ndiye ganizirani Kariba yoposa theka ikuzimiririka pansi pa minda popanda woiona. Anaonanso kuti Greenland ikutaya madzi oundana okwana matani pafupifupi 270 biliyoni caka ciliconse. Kuno kwathu, cigwa ca Zambezi cimaoneka bwino pa mapuwo: cimalemera mvula ikagwa, nthawi imene madambo a ku Barotse amasefukira, n'kumapepuka kufika mu Okutobala. Ndinawayang'ana nthawi yaitali usiku uja, mwezi ndi mwezi, caka ndi caka. Zambia yonse inali ngati cifuwa ca munthu wogona, cikukwera ndi kutsika.

GRACE inatha mu 2017, mabatire atakalamba. Masatelaiti olowa m'malo, GRACE-FO, anatumizidwa pa 22 Meyi 2018, ndipo pakati pake panapita pafupifupi caka popanda woyeza. Njirayi ilinso ndi malire ake. Mapu ake ali ngati cithunzi ca foni yakale: kadontho kamodzi ndi makilomita pafupifupi 300. Komanso mkati mwa satelaiti muli kacitsulo kamene kamathandiza kusiyanitsa kukoka kwa dziko ndi kukankha kwa kampweya kamene kamapezekabe kumwambako. Makina otere amasintha pang'onopang'ono ndi kutentha ndi ukalamba, monga sikelo ya pa buchala imene sipuling'i yake yatopa: kilo ya lero si kilo ya caka catha, ndipo mwini wake sakudziwa.

Mu Epulo 2025, mvula itabwerera ndipo cimanga citakhwima m'minda, ndinawerenga kuti a JPL, nthambi ya NASA ya ku California, akukonza makina atsopano ochedwa Quantum Gravity Gradiometer Pathfinder. Akufuna kuwatumiza kumwamba ca m'ma 2030. M'malo mwa kacitsulo, sikelo yake ndi maatomu a rubidium. Atomu ya rubidium imene wasankha lero ndi yofanana ndendende ndi imene udzasankhe caka camawa, kuno kapena ku Mars. Siicita dzimbiri ndipo siitopa.

Mawu akuti quantum amaopsa, koma pano tikufunapo mfundo imodzi yokha. Mu 1924 Mfalansa wina, Louis de Broglie, ananena kuti tinthu tating'ono ngati maatomu timakhalanso ngati mafunde. Sitiona zimenezi cifukwa pa kutentha kwa masiku onse maatomu a mumpweya amathamanga mamita mazana angapo pa sekondi, mafunde ake n'kukhala aafupi kwambiri. Ukawaziziritsa mpaka pafupi ndi madigiri -273, pamene kuzizira kumathera, amayenda mocedwa kuposa nyerere, ndipo khalidwe lawo la mafunde limaonekera poyera. Cowaziziritsira cacikulu ndi kuwala kwa laser. Amawaunika kucokera mbali zonse: atomu ikathamangira uku kuwala kukuibweza, ikathamangira uko cimodzimodzi, mpaka itafooka, monga nkhuku imene ana aizinga pa yadi. Steven Chu ndi anzake awiri analandira mphoto ya Nobel mu 1997 cifukwa ca njira imeneyi, ndipo ndi Chu yemweyo pamodzi ndi Mark Kasevich amene mu 1991, ku Stanford, anayamba kuyeza gravity ndi mafunde a maatomu akugwa.

Kayezedwe kake ndi aka. Kamtambo ka maatomu ozizira amakasiya kuti kagwe m'botolo lopanda mpweya. Laser ikang'anima koyamba, funde la atomu iliyonse limagawika pawiri, mbali ina ikudzera njira yam'mwamba pang'ono, ina yam'munsi. Atomu sinasweke ayi. Ndi imodzi yomweyo imene ikudzera njira ziwiri nthawi imodzi. Zimenezi inenso zimandizunguza mutu mpaka lero, koma makina opangidwa pa mfundo imeneyi amagwira nchito. Kung'anima kwaciwiri kumakhotetsa njira ziwirizo kuti zikakumane, kwacitatu kumaziphatikiza. Pokumanapo mafunde aja mwina amawonjezerana, mwina amafafanizana, malinga ndi mmene dziko linawakokera ali pa ulendo. Ukawerenga maatomu amene atulukira mbali iyi ndi amene atulukira mbali inayo, wadziwa mphamvu ya kukokako.

Makina a JPL adzakhala ndi timitambo tiwiri totalikirana. Kamene kali kufupi ndi malo olemera kamakokedwa kuposa kanzake pang'ono, ndipo cimene akufuna ndi kusiyana kwa tiwirito. Ubwino wake ndi uwu. Anthu awiri akhala mpando umodzi mu minibasi. Basi ikagwera m'dzenje, onse amadumpha mofanana. Ukacotsera kudumpha kwa wina pa kwa mnzake, dzenje lija lazimiririka, catsala ndi cimene cikusiyanitsa awiriwo. Momwemonso kugwedezeka kwa satelaiti kumafafanizika, n'kutsala kukoka kwa dziko kokha. Ndiye cifukwa cake satelaiti imodzi ingathe kugwira nchito imene inkafuna awiri.

Nanga bwanji kumwamba? Pansi pano cinthu ukacigwetsa kucokera pa mita imodzi, theka la sekondi lisanakwane cafika kale pansi. Satelaiti yozungulira dziko imakhala ikugwa nthawi zonse, kungoti ikuthamangira cam'mbali kwambiri moti dziko imangoliphonya. Maatomu a mkati mwake amagwa nayo limodzi, ndiye amangoyandama masekondi angapo osagunda kanthu. Nthawi yogwa ikawirikiza kawiri, makina amamva bwino kanayi. Kuyambira 2018, pa International Space Station pali kale makina aakulu ngati kafiriji, ochedwa Cold Atom Lab, oziziritsa maatomu motere. Atsopanowa adzalemera makilogalamu 125, matumba asanu a bulekifasiti, ndipo kukula kwake kungoposa pang'ono dramu ya madzi. Opanga akuyembekezera kuti makina a mtundu umenewu adzamva kukoka mpaka kakhumi kuposa akale. Uwu ndi ulendo woyesera cabe, woona ngati zonsezi zingapirire kumwamba. Ku Ulaya nakonso akukonza zofanana, pa nchito yochedwa CARIOQA.

Mu temu yaciwiri ndinaganiza zokawaonetsa ana mafunde akukumana. Ndinkafuna beseni ndi madzi, koma thanki ya pasukulu inali youma sabata imeneyo. Ndinabwereka cigubu, ndinagula madzi pa kiyosiki, n'kuyamba ulendo wa mphindi 10 wopita kusukulu. Unanditengera mphindi 25. Ndinayamba ndi dzanja lamanja, kenako lamanzere, kenako paphewa, madzi akudonthera pa shati ndi tayi. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ba teacher, ikani pamutu, muzathyoka msana!" Pamutu ndinayesa, koma nditaponda kasanu khosi linakana. Ndinafika m'kalasi manja akunjenjemera moti sindinathe kugwira coko bwino.

Ana aja, amene tsopano anali Giredi 11, anazungulira beseni. Ndinaviika zala ziwiri, uku ndi uku, n'kumagogoda madzi mofanana. Mafunde atakumana pakati panaoneka mizere: pena madzi akudumpha kwambiri, pena ali bata ngati sanakhudzidwe. Ndinacedwetsa cala cimodzi pang'ono, mizere inasuntha. "Kusuntha kumeneku," ndinatero, "ndi kumene makina aja amawerenga." Ndinawauzanso kuti njira yomvera kukoka siigwira pa dziko lathu lokha. Enceladus ndi kamwezi ka Saturn, kokutidwa ndi madzi oundana, makilomita oposa 1 biliyoni kucokera kuno. Mu 2014 asayansi anasonyeza kuti pansi pa madzi oundanawo pali nyanja. Palibe anakumba. Anangoona mmene kamweziko kankakokera combo ca Cassini podutsa pafupi.

Mnyamata wina wa kumbuyo anakuwa, "Ba Nkoloso babwela!" Kalasi inafa ndi kuseka, ndipo dzinalo landikakamira mpaka lero. Sindikwiya nalo. Edward Mukuka Nkoloso anali mphunzitsi wa sayansi ngati ine, ndipo mu 1964 ankagubuduza acinyamata m'madramu kutsika citunda kuti amve mmene thupi limapepukira mumlengalenga. Dziko lonse linamuseka. Patapita zaka 60, anthu a ndalama zawo akukonza dramu yawoyawo yoti zinthu zizigweramo, ndipo palibe akuseka.

Phokoso litatha, mtsikana uja anakweza dzanja. "Ba Sir, iyo machine izaona citsime cathu?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Nkhope zonse zinkafuna inde. Koma ndinali nditamuzemba kale kamodzi ndi "tidzakambirana". Ndinamuuza kuti ayi. Kucokera kumwamba, ngakhale makina atsopanowa adzaona zigawo ndi zigwa za mitsinje, osati yadi imodzi; Lusaka yonse ingakhale kadontho. Amene angaone zapafupi ndi makina a mtundu womwewo akakhala pansi pano. Mu 2022 asayansi a yunivesite ya Birmingham, ku England, anagwiritsa nchito maatomu a rubidium kupeza ngalande ya mamita awiri imene inali pafupifupi mita imodzi pansi pa msewu, osakumba. Mmodzi wa iwo, Ben Stray, anadzalowa m'gulu la JPL lija. Koma makina otere sanafike pogulitsidwa ku Kamwala.

"Manje cithandiza cani?" anafunsa mnyamata wa Nkoloso uja.

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo ndaliganizira kwambiri. Lusaka inamangidwa pa miyala ya laimu yodzaza ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi amayenda m'ming'alumo kucoka pansi pa yadi ina kupita pansi pa ina osafunsa mpanda. Madzi ena a mzindawu amacokera ku Kafue, koma ambiri ndithu amatungidwa pansi pomwe pano. Citsime ca mamita 7 ca mu komboni ndi borehole ya mamita 80 ya kumayadi zimadya m'mbale imodzi. Zili ngati akaunti imodzi ya mobile money imene anthu oposa mamiliyoni awiri ali ndi PIN yake, aliyense akutapa, koma palibe amene amalandira meseji ya balansi. Ikayamba kutha, woyamba kudziwa ndi wa cingwe cacifupi. Masatelaiti oyeza kukoka ndiwo meseji ya balansi, ya dziko lonse, yosadalira lipoti la munthu wofuna kubisa kapena kukometsa. Meseji siibweretsa madzi. Ku India mapampu sanazime cifukwa ca mapu a 2009. Koma ikakhalapo, mawu akuti "sitinadziwe" amasowa pokhala. Ndipo zimene GRACE inayeza zili pa intaneti kwaulere. Cimene cikucepa ndi anthu athu odziwa kuziwerenga, ndipo ena mwa iwo akhala m'makalasi ngati anga, atatopa ndi zigubu phunziro lisanayambe.

Tsiku lomwelo ndinamuyankha mtsikana uja funso lake la miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Madzi a citsime sanathawire kwina kodabwitsa. Mvula yoti iwabwezere sinagwe, mapampu ozama anapitiriza kukoka, ndiye msinkhu wa madzi apansi unatsika kupitirira pamene citsime cawo cinathera. Akakumba mozama angawapeze, mpaka wina adzakumbe mozama kuposa iwo.

Anakhala cete, kenako anati, "Ngati satellite siingaone, tingapime teka."

Ndi mmene zinayambira. Ana 11 amene kwawo kuli zitsime anatenga zingwe, anamangirira mwala kumapeto, n'kumanga mfundo pa theka la mita iliyonse. Lamlungu lililonse m'mamawa, anthu asanayambe kutunga, amatsitsa cingwe mpaka mwala utakhudza madzi, wamkulu ali pafupi monga ndinawalamulira, n'kulemba kumapeto kwa kope la physics. Lolemba timaika manambala pa pepala lalikulu kumbuyo kwa kalasi. Cingwe si atomu: cimatambasuka cikanyowa, ndipo ca mnyamata wina cinasowa masabata awiri, amayi ake atayanikapo zovala. Koma mizere khumi ndi umodzi ija, yocokera m'mayadi otalikirana, imatsika limodzi ngati yapangana. Ana anaziona okha ndisanawauze.

Mu Ogasiti, pa holide, ndinapita ku Chawama kukaona alongo anga aakulu. Ndinawapeza atakhala pa mphasa, mwana wawo akuwatikita m'khosi ndi mafuta. Ndinafunsa, "Ba sisi, nthawi ija mwenze kunyamula vigubu vingati pa siku?" Anandiyang'ana modabwa. "Iwe, manje ndiye wafunsa? Five. Kucokela Grade 5 mpaka ninakwatiliwa." Zinali zaka 8. Ndinawerengera pa foni: makilogalamu 100 pa tsiku, matani 292, malole pafupifupi khumi a matani 30. Nditawauza anaseka, n'kunena kuti ndiwalipire pa kilo. Ndinaseka nawo, koma m'basi pobwerera ndinkangoyang'ana nambala ija. Palibe satelaiti inayeza katundu ameneyu, ndipo ine amene ndinkagona m'nyumba yomweyo sindinamuyezenso.

Mtsikana uja amacedwabe masiku ena. Sindimuimikanso pakhomo. Iye kapena wina aliyense akacedwa, ndimayamba ndafunsa kuti malaiti anabwera nthawi yanji kwawo. Lolemba lapitali anafika 07:40, siketi itanyowa m'mphepete, n'kupita molunjika kumbuyo kwa kalasi ndi kope lake. Mu Juni madzi a citsime cawo anali pa mamita 3.5. Tsiku limenelo analemba 6.0. Citsimeco cimathera pa mamita 7. Anayang'ana mzere wa manambala ake, akuwerengera ndi zala.

"Ba Sir, ngati mvula siibwela mu masabata six olo seven, cizauma futi. Nabauza kudala ba mami kuti tiyambe kusunga ndalama ya manzi."

Anakakhala pa desiki yake n'kutsegula kope. Ndinasuzumira pawindo. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe.